Kompyuta Yongobwerera Poyamba

Madzi anabwera Loweruka m'mawa, ndipo madzi akabwera sufunsa msana ngati wavomera. Mayiyo anatulutsa mabeseni atatu kuseri kwa nyumba: la nsalu za pabedi, la maovololo a bambo a ana, amene girisi wake sachoka ngakhale uwatukwane, ndi lotsukuluzira. Anali atachapa nsalu ziwiri, yachitatu ili m'manja, pamene mwana wake wamzime anatulukira pakona ya nyumba, tsitsi losapesa, atanyamula chikwama cha laputopu chopanda kanthu.

"Amayi, laputopu ija ababa aitenga."

"Iti?"

"Ya achimwene. Ili ku galaji kuyambira sikisi koloko. Andiimbira kuti ndipite, akuti ikungozima n'kuyakanso."

"Ikutani ku galaji? Yamera matayala?"

"Akuti akuika sisitimu yatsopano."

"Ndiye kuti chiyani? Lankhula zomveka, ndili ndi ntchito."

Mtsikanayo anayang'ana m'beseni. "Zimatengera mmene akuikira. Ena amayamba afufuta zonse."

Nsalu ija inagwera m'madzi.

Laputopuyo inali ya mwana wake wachisamba, amene anamwalira miyezi isanu yapitayo atagona m'chipatala masabata asanu ndi awiri. M'masabata amenewo ankaiika pamiyendo n'kumadzijambula akulankhula ndi kamwana kake kakakazi, kamene panthawiyo kanali kasanayambe n'kukwawa komwe. Mavidiyo khumi ndi anayi. Sanawaike pafoni, sanawatumize kwa munthu. Ankati mkazi wake akawaona iye akadali moyo aganiza kuti wataya mtima. Anangouza mayi ake tsiku lina akumupukuta kumaso: "Amayi, ali mufoda ya dzina la mwana. Mudzapereke ine nditapita. Musataye."

Maliro atatha, mpongozi anabwerera kwa makolo ake ndi kamwanako, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Anaimba kawiri kufunsa za mavidiyowo. Wamzime anagula fulashi yoti akoperemo. Mayiyo anaichotsa m'pepala lake, anaiika m'kapu ya alendo m'kabati, n'kunena kuti mawa. Kukopera kumafuna kutsegula fodayo, ndipo ukatsegula, nkhope imakhala pomwepo, tizithunzi khumi ndi tinayi titandandalika, kalikonse kowonda kuposa kanzake. Iye anamusambitsa mwanayo mpaka tsiku lomaliza osatembenuza maso, koma izi zinamukanika. Wamzime atati akopere yekha, anamukalipira: "Anasiyira ine, osati iwe." Sabata yatha kukoleji anati aliyense azibwera ndi kompyuta, ndiye anaitulutsa pansi pa mabulangete n'kumupatsa mtsikanayo ndi lamulo limodzi: foda ija osaikhudza. Mtsikanayo anamvera. Anangolakwa kudandaula patebulo, bambo ake ali pomwepo, kuti makinawo amachedwa kuyaka.

Bamboyo ndi makaniko, ndipo msewu wonse umamutchula kuti Sipanala. Chimwalirireni mwana sanalirepo anthu akuona, koma anakonza chitseko chilichonse m'nyumba, mpopi umene sunkadontha, wailesi imene palibe ankamvera, ngakhale njinga ya mwana wa eni ake. Ukasiya chinthu pampando mphindi zisanu, umachipeza chili zidutswa pa nyuzipepala.

Mayiyo sanasinthe n'zovala zomwe. Anavala masilipasi, nsalu ili yonyowa mpaka m'mawondo, n'kuyamba kutsetsereka msewu, mwana akuthamanga pambuyo. Anadutsa pa golosale, pa malo ometera, pa ngalande yonunkha imene amati akonza chaka ndi chaka. Mayi wa pagolosale anamupatsa moni, iye anangokweza dzanja.

Kuofesi ya galaji ndi kachipinda ka malata, tebulo limodzi, kalendala ya chaka chatha ndi zitini za mabawuti. Laputopu inali pa njerwa ziwiri, pansi pake pali mpata, fani ya patebulo ikuiuzira mphepo ngati wodwala malungo. M'mbali mwake munali fulashi yakuda. Mayiyo anaizindikira asanalowe n'komwe. Inali ya m'kapu ija.

Sipanala anali atawerama, magalasi pamphuno, manja atasamba bwino mpaka m'zikhadabo, chinthu chimene sachita ngakhale popita kutchalitchi. Paskirini panali manambala akukwera: 91, 92.

"Wabwera ndi amayi akonso?" anatero kwa mwana osatembenuka. "Chabwino, aone okha. Taonani, ifika handiredi, kenako ichita zake zija."

"Bambo, mukuchita chiyani?"

"Dikirani kaye. Onani."

Inafikadi handiredi. Skirini inada bii. Kafani ka m'kati kanalira, chizindikiro cha kampani chinaonekera, ndipo patapita kanthawi panabwera tsamba lofunsa chinenero ndi nthawi.

"Mwaona?" Sipanala anamenya tebulo. "Tsamba lomweli ndi limene ndayambira m'mawa. Kasanu ndi kawiri tsopano. Imakwera phiri lonse, ikafika pamwamba injini phwii, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pansi. Ndinkayesa kutentha, ndaiuzira ndi kompresa, fumbi limene latuluka mungadzalemo chimanga. Ndasintha soketi. Ndachotsa batire, ndaiyendetsa ndi chaja chokha. Ndatsegula kunsi, ka memore kaja ndakazula, ndakapukuta ndi labala, ndakabwezera. Palibe chasintha."

"Ababa," anatero mtsikanayo, mawu ali pansi, "pamene imafunsa poika paja, mumasankha chiyani?"

"Poyamba ndimangodina kuti pitirira. Kawiri. Nditaona kuti ikubwerera ndinadziwa kuti muli zinyalala zakale. Galimoto ikamazimazima suthira mafuta atsopano pamwamba pa matope. Umakhuthula thanki yonse, kutsuka, kenako n'kuthira. Ndiye kachitatu ndinafufuta zonse, ndinasiya diski ili mbee."

Mtsikanayo anakhala pa chitini cha penti.

Mayiyo anayandikira tebulo. "Mavidiyo a mwana," anatero.

"Mavidiyo atani?"

"Anali mmenemo."

Sipanala anavula magalasi. "Munatumiza kwa mpongozi. Mwezi watha ndinakufunsani, tili pakhonde. Munati munatumiza kale."

Zinali zoona. Anafunsadi, ndipo kanali kachitatu sabata imeneyo. Iye anali akusankha nyemba zofumbwa, mutu ukuwawa, ndipo anayankha kuti ndinatumiza kale, mmene umayankhira munthu kuti achoke pakhomo pa khitchini.

"Sindinatumize."

"Munati..."

"Ndamva zimene ndinanena. Sindinatumize."

Panja wina ankamenya chitsulo. Fani inapitiriza kupukusa mutu uku ndi uku. Sipanala anayang'ana fulashi, anayang'ana mkazi wake, kenako dzanja lake linapita lokha pa kiyibodi, ngati kudina kamodzinso kungabweze kanthu.

"Chotsani dzanja!" Mayiyo anatembenukira kwa mwana. "Iwe, izi amazimitsa bwanji kuti zisayakenso?"

"Mugwire batani ilo osasiya."

Analigwira ndi chala chotuwa ndi sopo mpaka skirini inathima. Anatseka laputopu, fulashi ili momwemo, anaikulunga ndi thaulo la pampando n'kuikumbatira pachifuwa.

"Amene amakonza zinthu izi zenizeni ali kuti?"

"Kuli mayi wina pamwamba pa sitolo ya nsapato," anatero mtsikanayo. "Anzanga amapita kumeneko."

"Ndikanatha ndekha," Sipanala anayamba, "kungoti..."

"Mwatha kale. Tsekani galaji."

Onse atatu anakwera minibasi. Kondakitala anati katunduyo amuike pansi pa mpando, mayiyo anangomuyang'ana, ndipo mnyamatayo anapeza chochita kumbali ina.

Masitepe okwerera pamwamba pa sitolo ya nsapato ndi opapatiza, onunkha guluu. Kumapeto kwake kuli chipinda cha zenera limodzi, mashelefu odzaza ndi makompyuta otsegula mimba, zingwe zolendewera pamisomali, ndi benchi ya makasitomala. Mwini wake ndi mayi wamfupi wa zaka za m'ma fote, amene anthu amangomutchula kuti Magalasi chifukwa amavala awiri, ena pamaso ena pamphumi. Anali akumwa tiyi m'kapu yopanda chogwirira.

"Yagwa, yamwa madzi, kapena yakumana ndi wachibale wodziwa zinthu?" anafunsa ataona thaulo.

"Wachibale," anatero mayiyo.

"Ndi amene amandidyetsa amenewo. Khalani."

Sipanala anafotokoza zonse kuyambira pa kompresa mpaka pa labala. Magalasi anamvetsera akugwedeza mutu, osaseka. Atafika pa thanki, anaika kapu pansi.

"Fulashiyi anakuikirani ndani sisitimu?"

"Kasitomala wanga wina, wa pikapu. Anandionetsa podina kuti iyambire pa fulashi."

"Anakuuzani kuti ikazima koyamba muizule?"

Sipanala anapukusa mutu.

Magalasi anatsegula laputopu, anazula fulashi ndi zala ziwiri n'kuiika patebulo. Anadina batani. Chizindikiro cha kampani chinabwera, kenako timadontho tozungulira ndi mawu akuti ikukonzekera. Tsamba la chinenero lija silinabwere. Asanawerenge n'komwe mpaka kumapeto, anagwira batani n'kuizimitsanso.

"Kompyutayi ilibe matenda, bambo. Kuzima kuja ndi mbali ya ntchito. Ikamaliza kukopera imazima dala kuti idzukire pa diski yake n'kupitiriza. Koma inu munaiuza kuti ikamadzuka iziyamba yafunsa fulashi. Ndiye ikadzuka, fulashi ili pakhomo, n'kuiuza kuti tiyambe. Iyo n'kumvera. Ulendo uliwonse inali itamaliza bwinobwino."

"Kungozula basi?" anafunsa mayiyo.

"Kungozula."

"Kuyambira ulendo woyamba?"

"Woyamba womwewo. Ndipo ulendo woyamba ndi wachiwiri zinthu zanu zinalipo, sisitimu imangozikankhira pambali mufoda ina. Zinapita pamene anakhuthula thanki."

Sipanala anakhala pa benchi pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Munali chiyani?" anafunsa Magalasi. "Za sukulu?"

Mayiyo anamuuza m'mawu ochepa. Mwana, chipatala, kamdzukulu, khumi ndi anayi. Magalasi anatsitsa magalasi a pamphumi n'kuwavala pamwamba pa enawo.

"Ndikuuzeni zoona, mayi, chifukwa sindikonda kulonjeza. Kufufuta kokha si imfa. Kuli ngati kung'amba tsamba la mayina m'buku la alendo, alendowo akadali m'zipinda. Chimene chimapha ndi kulemba pamwamba. Atafufuta aika kangati?"

"Kasanu," anatero Sipanala.

"Kasanu. Ndipo diskiyi ndi yaing'ono, yakale." Anatembenuza laputopu n'kutenga sikuludilaiva. "Ndiichotsa, ndiilumikiza ku makina anga, pulogalamu isese kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Maola atatu kapena anayi. Chimene chatsala tichiona. Pajatu amati madzi akatayika..."

"Za madzi musandiuze. Ndasiya zochapa m'beseni."

Magalasi anatseka pakamwa n'kuyamba kumasula.

Diskiyo inali kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja. Mayiyo anadabwa kuchepa kwake. Anaiyang'ana ikuikidwa m'chipangizo china, ikuyamba kulira pansipansi, ndipo paskirini yaikulu ya Magalasi panabwera mzera umene unkadzaza pang'onopang'ono kwambiri moti ukauyang'anitsitsa umaoneka ngati waima.

Mtsikanayo anati akagule madzi akumwa ndipo anachedwa dala. Pa benchi panatsala awiri, pakati pawo pali mpata wokwana munthu.

"Ndimafuna iziyaka msanga," anatero Sipanala. "Mwanayu amadandaula."

"Ndikudziwa."

"Ndikanadziwa kuti alimo, sindikanaikhudza n'chala chomwe."

"Ndati ndikudziwa."

Anthu analowa ndi kutuluka. Wina anabweretsa foni yosweka galasi, wina ankafuna chaja. Mphunzitsi wina anakangana ndi Magalasi za pulinta imene imadya mapepala. Mzera uja unali pa kota.

"Munawaonerako?" anafunsa Sipanala.

"Ayi."

"Ngakhale imodzi?"

"Ndikanaonera ndikanakopera. Mukufunsa ngati mwana."

Bamboyo anapukusa chipewa m'manja. "Ine ndinamva imodzi. Tsiku lina ndinafika ku wodi masana ndi mabatire a tochi aja anapempha. Ndinapeza katani yatsekedwa, akulankhula. Ndinaima panja."

Mayiyo anatembenuka koyamba. "Amati chiyani?"

"Amamuphunzitsa kusintha tayala."

"Khanda?"

"Amati ukadzakula usamadikire amuna pamsewu. Uyambe wamasula manati galimoto ikadali pansi, kenako jeki. Ananena bwinobwino, mwa dongosolo lake. Mmene ndinamuphunzitsira ine." Anakhosomola. "Anangolakwitsa pomanga. Anati uzungulire motsatana. Pamafunika modumphitsa."

"Munalowa kukamukonza?"

"Ayi. Ndinapita kukakhala pa kolido."

Mayiyo anafuna kukwiya, chifukwa mkwiyo umagwirika, koma sunabwere bwino. Anali ndi mawu okwana kumuthira bamboyu mpaka madzulo, za manja osakhazikika, za kutenga zinthu m'kabati osafunsa, za kuyesa chilichonse galimoto. Koma mawu aliwonse akafika pakhosi ankakumana ndi aja a pakhonde, ndinatumiza kale, n'kubwerera.

"Miyezi isanu," anatero. "Ntchito ya mphindi khumi."

Sipanala sanamutonthoze, ndipo iye anayamikira zimenezo.

Dzuwa linachoka pazenera n'kupita pa khoma. Nsalu yake inauma ili pathupi, n'kusiya mizere yoyera ya sopo. Mtsikanayo anabwera ndi mabotolo atatu, palibe anatsegula. Itangokwana fili koloko makina analira kamodzi.

"Bwerani," anatero Magalasi.

Paskirini panali mndandanda wautali, mafayilo masauzande, onse opanda mayina, manambala okhaokha. Mafoda onse anali atapita. Magalasi anawasanja mwa mitundu. Zambiri zinali zidutswa za sisitimu yatsopano ija, zobwerezabwereza. Panali nyimbo zingapo. Panali manotsi a kukoleji a zaka zisanu zapitazo. Panali chithunzi cha galimoto ya munthu wosadziwika, theka lake lotuwa.

"Mavidiyo alipo makumi awiri ndi atatu," anatero. "Tiyese imodziimodzi. Mukufuna kukhala pansi?"

"Tsegulani."

Yoyamba inakana. Yachiwiri inakana. Yachitatu inali filimu ya anthu omenyana. Yachinayi inatseguka n'kuonetsa mabwalo obiriwira ndi phokoso ngati la wailesi yosochera. Magalasi anayesa ndi pulogalamu ina, kenako ina. Ankadina, kudikira, kupukusa mutu, kupita pa yotsatira. Mayiyo ankawerenga chamumtima, mmene amawerengera mapilisi. Pa khumi ndi zisanu ndi ziwiri skirini inawala.

Denga loyera, nyali yaitali ya chipatala. Chithunzi chinagwedezeka, chinatsika, ndipo anali pomwepo, kolala ya malaya ili yotakasuka pakhosi, chubu chili pamphuno. Anayang'ana pansi pa kamera, anakweza nsidze.

"Kodi yayamba?" anatero. Anakhosomola kawiri. "Eya. Dikira kaye, mayi wanga, ndikhale bwino. Pilo uyu ndi mdani wanga." Anaseka pang'ono, dzanja linapita kumbuyo kukakoka pilo, ndipo nkhope inasweka kukhala mabwalo obiriwira.

Masekondi khumi ndi limodzi.

Mtsikanayo anatuluka kukalirira pa masitepe. Sipanala anagwira shelefu.

"Ipitirireni," anatero mayiyo.

"Yathera pomwepo, mayi. Kutsogoloko kunalembedwa zina."

"Zotsalazo."

Zisanu ndi imodzi zotsalazo zinakana zonse. Magalasi anayesanso zija zinakana poyamba, anazikopera pena, anazidutsitsa mu pulogalamu yokonza mavidiyo oduka. Imodzi inatulutsa mawu a tirole ya chipatala ikudutsa pa kolido, masekondi awiri. Basi.

"Kulibe kwina?" anafunsa Sipanala. "Makina aakulu? Ndikhoza kugulitsa..."

"Bambo, zikanakhala kuti diski yafa, ndikanakutumizani kwa anzanga a makina aakulu. Iyi ndi yamoyo. Pamene panali mwana wanu pali zinthu zina tsopano. Palibe makina amene amawerenga zimene kulibe." Anatembenukira kwa mayiyo. "Diskiyi musaibwezeremo. Isungeni, mwina ine ndaphonya kanthu. Mtsikanayu timuikire ina. Koma yakaleyi musamaiyembekezere."

"Kamene kapezekako kaikeni pafoni yanga. Ndi ya mwanayo. Ndi ya bambo ake. Ndi pa fulashiyo."

"Fulashiyi ndiyambe ndachotsa sisitimu."

"Chotsani. Inagulidwira zimenezi."

Magalasi anachita zonse, n'kumuonetsa pamene kavidiyoko kali pafoni. Anakulunga diski m'kapepala konyezimira, anamata ndi tepi, analembapo tsiku. Mayiyo anaiika m'kamisolo.

Pansi pa masitepe Sipanala anaima. "Mpongozi ndimuimbira ine. Ndine ndafufuta."

"Anasiyira ine."

"Komabe..."

"Bwererani ku galaji, muli ndi galimoto ya eni ake pa jeki. Iwe, tsala udikire laputopu yako."

Anakwera minibasi yekha. Anatsikira pa golosale, anadutsa ngalande, analowa pageti. Sanalowe m'nyumba, chifukwa ankadziwa kuti akakhala pampando anena kuti mawa. Anaima kuseri, pafupi ndi mabeseni, n'kuimba.

Mpongozi anayankha foni italira kachitatu. Kumbuyo kunkamveka kamwana kakumenya chinthu ndi supuni.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Uli pamalo poti ungakhale pansi?"

"Kwagwanji?"

"Palibe wamwalira. Ndi mavidiyo aja. Sindinawakopere. Ndinkakuuza kuti ndikutumizira, koma fodayo sindinaitsegulepo n'kamodzi komwe. Lero kompyuta yafufutidwa. Apongozi ako aamuna anandifunsa ngati ndinatumiza, ine ndinawanamiza kuti inde. Tapita kwa wokonza, wapeza kachidutswa kamodzi. Masekondi khumi ndi limodzi. Ena onse apita."

 Supuni ija inapitiriza kumenya.

"Onse?"

"Onse."

"Ndinakupemphani kawiri, amayi."

"Unandipempha."

"Ndinati ndibwere ndidzatenge ndekha, munati ndisavutike ndi mwana pabasi."

"Ndinatero."

Anamva mpongoziyo akupuma movutikira. Sanamuuze kuti pepa, mawuwo anali aang'ono kwambiri moti akanakhala chipongwe. Anadikira.

"Mukachidutswako akunena chiyani?"

"Akuti dikira kaye ndikhale bwino. Akudandaula za pilo. Akuseka."

"Akuoneka nkhope?"

"Akuoneka."

"Tumizani pompano. Osati mawa."

"Ndikutumiza."

Foni inadulidwa mbali inayo. Mayiyo anafufuza kavidiyoko mmene Magalasi anamuonetsera, anadina, anayang'ana kabwalo kakuzungulira mpaka kanadzaza. Anadikira timizere tiwiri tosonyeza kuti kafika. Kenako timizereto tinasintha mtundu, kusonyeza kuti wakaona. Yankho silinabwere.

Anaika foni pawindo. Thovu la m'beseni linali litaphwa, madzi atatuwa, nsalu zitayamba kafungo kowawasa. Maovololo anali asanakhudzidwe. Anatsegula mpopi kuti asinthe madzi, mpopi unangotsokomola mphepo n'kukhala chete. Mubeseni lotsukuluzira munali madzi a m'mawa, osakwana n'theka la zimene zinatsala.

Anakwinya nsalu m'chiuno, anawerama, anavuula nsalu yachitatu ija n'kuyamba kufikisa pamene anasiyira.